Onesmus Wamiyendo Iwiri

Uthenga unafika ku Nsefu tsiku Lamulungu, pakamwa pa mlembi wa mpingo, pakati pa chilengezo cha ukwati ndi cha mbewu ya thonje: madokotala a maso abwera, ali pa chipatala china kufupi ndi Mfuwe sabata ino yokha, aliyense wa ng'ala apite ndi khadi lake. A Onesmus Chulu sanadikire "ameni". Anadzambatuka pemphero lili mkati, anagunda benchi ndi bondo, n'kuyamba kusakasaka khomo ndi ndodo yawo uku akuseka okha ngati munthu wakola mlamba wa msinkhu wa mwana.

Musawaseke. Diso lawo lamanja linazima kale. Lamanzere linkaona ngati mmene munthu amaonera kutsidya kwa dambo anthu akutentha udzu. Ukonde ankausoka ndi zala zokha, njinga anaisiya, mubwato anasiya kukwera. Masiku apitawo anapatsa moni chitsa cha tsanya, "Mwaswera bwanji?", n'kukwiya kuti anthu a masiku ano sayankha. Zimenezo mudzi unaseka. Koma tsiku lina mmamawa, akupita kuseri kwa nyumba, anaona nkhokwe yaima pansi pa mtengo wa mango pamene sipanakhalepo nkhokwe, ndipo atatsala pang'ono kuigwira, nkhokweyo inakupiza khutu. Imeneyo palibe anaseka.

Apa tiime kaye, chifukwa dzina la munthuyu lili ndi mchira. Sanabadwe ali Onesmus. Dzina la paubwana linali Japhet, ndipo tinene chapansipansi, poti ku Nsefu wolitchula amalipira nkhuku. Onesmus woyamba anali malume awo, msodzi wa mbiri amene ng'ona ya mu Luangwa inamulanda mwendo wamanzere, iye n'kukana kufa. Malumewo atadzamwalira ali nkhalamba, mbumba inakhala pansi pa tsiku la mowa wotsekera maliro n'kusankha mwana wa mlongo wawo kuti alowe dzina. Anamukhazika pamphasa. Anamuveka jekete la malemu, chipewa cha malemu, anamugwiritsa ndodo ndi mkondo wa nsomba. Mayi wamkulu wa mbumba atapisa m'thumba la jeketelo anapezamo khadi la chipatala, analitembenuza uku ndi uku, nati, "Ilinso ndi lanu. Dzina si lomweli?"

Panalibe wotsutsa. Ndodo ya Onesmus ndi ya Onesmus, ndiye khadi la Onesmus likhale la yani?

"Kuyambira lero uja wapita kukapuma," anatero akuluakulu. "Amene tili naye ndi uyu. Mwavomera?"

"Ndavomera."

Ndipo chivomerere, dzina lakale silinatulukenso pakamwa pawo. Malungo akawagwira ankapita pa kachipatala ka kumudzi ndi khadi la m'jekete, kumeneko n'kulemba nambala, n'kuwapatsa mapiritsi, nkhani yatha.

Amene zinamugwera ndi Boston, mwana weniweni wa malemu. Iye ndi munthuyu anali pachisuweni, anakulira pa dooko limodzi, anakwapulidwira mango amodzi, ndipo Boston ndi amene anali wamkulu ndi dzinja limodzi. Tsopano mwambo unati aziti "atate". Ankatero ndithu, koma mmene ankatchulira, "atate" ameneyo ankatuluka ali ndi tsabola.

Ananyamuka mbandakucha dzuwa lisanayambe ukali wake wa mwezi wa Novembala, Boston akupalasa, a Onesmus pakaliyala, jekete la malume lili m'thupi ngakhale kunali kotentha kale.

"Atate, khalani phee! Mukugwedeza njinga."

"Palasa, mwana iwe. Ukuyenda ngati ukuperekeza mkwatibwi."

"Ndanyamula thumba la chimanga lolankhula. Mukuthamangira chiyani? Mukaona nkhope yanu pagalasi mudzawapempha madokotala akubwezereni ng'ala."

"Ine ndikufuna kuona mtsinje. Ndikufuna kuona pamene nsomba yatembenukira. Ndikufunanso kuona ngati ndi zoona zimene ndikumva, kuti uli ndi dazi."

"Bodza la anthu ansanje."

Nyenje zinkalira m'mitengo ya tsanya, matayala ankadumpha pa ndowe za njovu za usiku womwewo, ndipo a Onesmus ankaimba nyimbo ya kwaya njira yonse, ndime imodzi yomweyo, poti zinazo anaziiwala. Kumpoto mitambo inali itayamba kuunjikana. Onse awiri ankadziwa tanthauzo lake osanena: mvula ikangotsika, dothi lakuda la m'chigwa limameza njinga mpaka pa chishalo, timitsinje timadzaza, ndipo Nsefu amakhala chilumba. Madokotala akapita, kubweranso ndi chaka chamawa. Diso lamanzere silikanadikira chaka chamawa.

Pa chipatala anapeza mzere wa nkhalamba pansi pa tenti, ndodo zili ngundangunda ngati mpanda. Ena anali atatuluka kale ndi thonje pa diso, ndipo mayi wina amene anam'masula m'mawa umenewo ankavina pakati pa bwalo, akuloza chilichonse n'kuchitchula dzina: "Nkhuku! Chidebe! Mpongozi wanga!" A Onesmus anamva zimenezo. Anafinya mkono wa Boston mpaka Boston anadandaula.

Dzuwa litakwera, nthawi yawo inakwana. Patebulo panali namwino, Sisita Cathrine, mayi wa kumtunda ku Chipata amene kutentha kwa m'chigwa kunali kusanamuzolowere. Anali ndi kompyuta patsogolo ndi kansalu kopukutira thukuta paphewa.

"Muli bwanji, atate? Khadi."

A Onesmus analitulutsa m'thumba la jekete ndi manja awiri.

"Masiku ano sitifufuzanso m'makabati mmene chiswe chimadya mapepala," anatero Sisita uku akudina. "Mbiri yanu yonse, kulikonse kumene munadwalirako, imasungidwa m'makompyuta akuluakulu akutali. Ife timangoti kumtambo. Chipatala chilichonse chimatunga pa chitsime chimodzi chomwecho. Taonani, yabwera kale. Onesmus Chulu, a ku Nsefu."

"Ndine amene!"

Sisita anawerenga. Anasiya kumwetulira. Anawerenganso, kenako anaitana dokotala, bambo wamfupi wa magalasi amene ankathamanga pakati pa tenti ndi chipinda cha opaleshoni. Analankhulana m'Chingerezi, dokotala akupukusa mutu, n'kubwerera mkati msangamsanga poti wina ankamudikira pabedi.

"Atate," anatero Sisita mofatsa, "lero sizitheka."

A Onesmus anamva ngati bwato lagunda mvuu.

"Apa palembedwa kuti mtima wanu ndi wodwala kwambiri, shuga ndi wokwera, ndipo mankhwala a mtima munasiya kutenga kalekale. Adokotala akuti sangakugwireni diso musanapite ku Chipata kukayezedwa mtima bwinobwino."

"Mtima wanga? Ine ndimapalasa bwato kukwera madzi!"

"Onse amatero, atate. Munthu wa zaka eite-sikisi ayenera kusamala."

"Eite-sikisi!" Boston anaphulika. "Ndiye ine ndili ndi zingati, poti ndine wamkulu kwa atate angawa?"

Sisita anamuyang'ana Boston, anayang'ana a Onesmus, ndipo anaona kuti mawu amenewo ngakhale ndi opanda mutu, nkhope ziwirizi ndi za msinkhu umodzi. Anabwerera pa kompyuta n'kutsika m'munsi. Anaima. Anaweramira pansi pa tebulo pang'onopang'ono, n'kukhalako nthawi. Pansipo panali mapazi awiri a fumbi, m'nsapato za matayala, zala zonse zili bwinobwino.

"Atate," anatero akudzuka, "apa akuti mwendo wanu wamanzere unadulidwa pa bondo. Ng'ona."

"Unaphukira," anatero Boston. "Kuno kuchigwa nthaka ndi yabwino, Sisita. Mwendo timangodula ngati chinangwa."

Mzere wonse wa nkhalamba unagwa ndi phwete. Sisita naye analephera kudzigwira, koma anapukuta maso n'kukweza khadi lija m'mwamba.

"Khadi ili ndi la yani?"

"Langa," anatero a Onesmus.

"Dzina lanu ndani?"

"Onesmus Chulu."

"Wa mwendo umodzi ndani?"

"Onesmus Chulu."

Boston ndiye anafotokoza zonse, za mphasa, za jekete, za mayi wamkulu wa mbumba. Nkhalamba za pamzere zinkavomereza ndi mitu, poti kwa iwo panalibe chachilendo. Mmodzi mpaka anapisa m'thumba mwake n'kuyamba kulisisita khadi lake modandaula.

"Ndamva," anatero Sisita. "Kwathunso dzina amalowa. Koma jekete ndi limene limakwana anthu awiri, atate. Mtima ayi. Ndiye kuti kumtamboku malume anu akadali moyo, akudwala malungo chaka ndi chaka ndi mwendo wawo umodzi. Chabwino, nkhani yaphweka. Ndipatseni dzina limene munabadwa nalo, ndipeze mbiri yanuyanu. Ikakhala yoyera, mulowa lero lomwe."

A Onesmus anagwira ndodo ndi manja onse awiri.

"Limenelo linapita kukapuma."

"Kungolinena kamodzi."

"Ndinavomera pamphasa, mayi. Pamaso pa mbumba yonse."

"Nanga reji yanu, chitupa cha boma?"

"Ili m'chitini kunyumba."

Kunyumba kunali kutali, ndipo kumpoto kunagunda bingu loyamba, lakutali, ngati munthu akukoka mtondo.

"Ingotsegulani mbiri yatsopano," anatero Boston. "Mulembe kuti Onesmus wamiyendo iwiri."

"Ndingathe. Koma munthu wopanda mbiri adokotala amafuna ayezedwe zonse kuyambira pachiyambi, ndipo zina zotsatira zake zimachokera ku Chipata. Pofika zimenezo iwo adzakhala atapakira."

Boston anavula kapu, dazi lija n'kuonekera kwa onse okhala ndi maso. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Atate, ndilitchule ine. Nkhuku ndili nazo. Ndinalipirapo kale, ndilipiranso."

"Iwe ukalitchula pano, pa khadi la bambo ako, ukhala wawachotsa m'jekete muno ndi dzanja lako. Ndiye ine ndidzakuona ndi diso latsopanolo ndili ndani?"

A Onesmus anaimirira n'kutambasula dzanja kuti awabwezere khadi. Kubwalo mayi uja anali akutchulabe zinthu: "Mbuzi! Njinga ya abusa!"

Sisita sanapereke khadilo. Ankayang'ana dzanja lotambasulalo.

"Khalani pansi kaye. Musanalowe dzina, munagonekedwapo m'chipatala chachikulu?"

"Kamodzi. Ku Chipata, nthawi imene ndinkanyamula mabelo a thonje. Anandibaya jakisoni ndinatupa ngati chule, milomo ngati mapapaya."

"Anakujambulani?"

"Anandijambula. Anandidinditsanso chala pa kagalasi kowala kofiira."

Sisita anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka kompyuta inadumpha. Anathamangira mkati, anatuluka ndi kabokosi kakang'ono ka chingwe, kokhala ndi kagalasi pamwamba.

"Pamphasa paja munalonjeza kuti pakamwa panu sipadzatchula. Chala chinalonjezanso?"

A Onesmus anaganiza. Anatembenukira kumene kunali mzere wa nkhalamba, poti mlandu wotere suweruzidwa ndi munthu mmodzi.

"Chala chilibe lilime!" inakuwa nkhalamba ina ya ku Mambwe.

"Nkhuku salipiritsa chala!" inavomereza ina.

"Dindani, bambo, mukutichedwetsa!"

Anadinda. Kagalasi kanawala, kompyuta inalira kamodzi mokana. Anadindanso, inakananso. Zala za msodzi zimadyedwa ndi ukonde, mizere yake inali itasalala ngati mwala wa mumtsinje.

"Ngakhale chala chikuopa nkhuku," anatero Boston.

Sisita ananyowetsa thonje, anapukuta chala chachikulu cha kumanzere chimene sichikoka chingwe kwambiri, anachigwira yekha n'kuchikanikiza pa galasi. Pa kompyuta kanayamba kuzungulira kanthu kaja kamene kamazungulira netiweki ikamaganiza. Kanazungulira. Kanazungulirabe. Nkhalamba zosaona zinasiya mzere n'kuunjikana pa tebulo kudzayang'ana chinthu chimene sizikanatha kuchiona.

Kompyuta inalira kulira kwina.

"Yabwera!" anakuwa Sisita. "Nayi nkhope yanu, muli ndi tsitsi lakuda! Dzina ndi..."

Boston anatsokomola chifuwa chachikulu ngati cha ng'ombe. Sisita anadzigwira pakamwa, anatembenuzira kompyuta kumbali, nakhala bwino pampando.

"Ndakupezani, a Onesmus," anatero.

Tenti yonse inaombera m'manja, wina analiza nthungululu. Sisita anawerenga mofulumira: mtima wabwino, shuga palibe, miyendo iwiri. Kenako anaika chala pa mzere wofiira.

"Ndipo apa pali chimene khadi la malume silikanatiuza. Jakisoni amene anakutupitsani uja ndi penisilini. Mankhwala a mtundu umenewo asakuyandikireni. Ndiwauza adokotala asankhe ena." Anawayeza magazi pa chala ndi kuthamanga kwa mtima pompo, zonse zinagwirizana ndi zolembedwa. "Pali malo apa olembapo dzina limene munthu amadziwika nalo. Ndalemba Onesmus. Kulikonse mukapita, Mfuwe, Chipata, Lusaka, muzingopereka chala, iwo azikuitanani Onesmus. Malungo anu aja ndiwachotsa kwa malume ndiwabweze kwa mwini wake."

Dokotala anatulukira pakhomo, anamva nkhani mwachidule, anayang'ana miyendo ya a Onesmus, naseka mpaka anavula magalasi. Anakodola ndi dzanja. A Onesmus analowa akuyenda ngati mnyamata, osadikira wowagwira, ndipo anagunda chitseko ndi chipumi.

Anagona komweko ndi thonje pa diso lamanzere. M'mawa mwake Sisita Cathrine anabwera kudzamatula pulasitala. Anachotsa thonje pang'onopang'ono.

Poyamba kunali kuwala kokhakokha, kobaya. Kenako kuwalako kunayamba kugawikana. Zenera. Mtengo wa muwawani kunja, tsamba lililonse palokhapalokha. Nyerere ikukwera khoma, nyerere yeniyeni ndi miyendo yake! A Onesmus anaseka, analira, anasekanso. Anatembenuka napeza mwamuna wina waima pafupi ndi bedi, kapu ili m'manja.

"Mayo! Boston, wakalamba chonchi? Dazi lonseli unalitenga kuti?"

"Sisita, bwezeranipo thonje," anatero Boston, akupukuta mphuno ndi kapu.

Sisita anali atabwera ndi kompyuta yake m'manja. Anati patsala ntchito imodzi: mbiri ya malume iyenera kutsekedwa, ndipo afunika wachibale anene kuti anamwalira liti.

"Chaka chimene madzi anafika pa sukulu," anayankha onse awiri pamodzi. Anathandizana kupeza chakacho ndi mwezi wake, Sisita nalemba.

"Musanatseke," anatero a Onesmus. "Ine munandipeza ndi nkhope yanga. Iwonso anawajambula?"

Kunyumba kunalibe chithunzi cha malemu ngakhale chimodzi. Chimene chinalipo chinapita ndi madzi omwe aja. Sisita anayang'ana Boston, mwana wa mwini mbiri, ndipo Boston anagwedeza mutu kuvomera. Sisita anatembenuza kompyuta.

Malemu anali pomwepo. Chipewa chomwechi, jekete lomweli, kolala imodzi itapindika monga mwa masiku onse, diso limodzi atatsinzina pang'ono ngati akuuza wojambulayo kuti achite changu nsomba zikudikira. Boston anagwada pansi pa simenti. A Onesmus anavula chipewa. Anayang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo latsopanolo, misozi ikutsika mbali imodzi, mpaka Sisita anawakumbutsa kuti asalitikite.

"Malume," anatero, "tinakuyendetsani mokwanira ndi mwendo umodzi. Kapumeni. Dzina lili bwino kuno." Anatembenukira kwa Sisita. "Tsekani, mayi."

Sisita anadina. Kenako anawapatsa khadi lakale lija, nati tsopano silitsegulanso kanthu. A Onesmus analiyang'ana, koyamba kuona zilembo zake bwinobwino, ndipo m'malo molibwezera m'jekete analiika m'manja mwa Boston.

"Ili si la pamphasa. Ndi la bambo ako. Sunga."

Panja mphepo inali itayamba kununkhira mvula. Boston anakankha njinga mpaka pa geti, a Onesmus akutsatira ndi magalasi akuda amene anawapatsa, mutu ukutembenuka uku ndi uku osafuna kuphonya kanthu. Atafika pamsewu anagwira chiwongolero.

"Khala kumbuyo, mwana iwe. Ndipalasa ndine."

"Adokotala ati osanyamula zolemera, atate."

"Ndiye palasa msanga. Diso linalo ati chaka chamawa, koma mtsinje ndiuona lero."